Ndinamuuza kuti angotsatira muvi

Aphungu,

Kalata ino ndayiyamba katatu. Mapepala awiri oyamba ndawang'amba, chifukwa powawerenga ndimapeza kuti ndadzilemba ngati munthu wabwino amene zangomugwera. Ulendo uno ndinena monga zinachitikira, ngakhale manyazi andigwira mpaka m'zala zolemberazi.

Ndine mayi wa zaka 39, wapabanja, wa ana atatu. Ntchito yanga ndi yosoka. Ndili ndi makina awiri pakhonde la sitolo ya utoto ndi misomali, tebulo lodulirapo nsalu, ndi benchi pomwe amayi amakhala podikira zovala zawo. Koma pamsewu wathu mukafunsa atelala, anthu angokuyang'anani. Mufunse Anesi. Dzinali linabwera chifukwa ndili mtsikana ndinagwirako ntchito pachipatala china zaka ziwiri. Ntchito yake inali kukolopa, kuchapa mabulangete ndi kuitana mayina pamzere. Jakisoni sindinabayepo munthu, ngakhale nkhuku. Kungoti ndinatolako mayina angapo a mankhwala, ndiye amayi a pabenchi akayamba kudandaula za mutu, za msana kapena za kulera, ndinkayankha ngati ndavala zoyera. Dzinalo linkandikoma, Aphungu. Sindinalikanepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Nkhani ndi ya mng'ono wanga, mzime m'banja mwathu. Timasiyana zaka khumi ndi chimodzi, moti womubereka kumbuyo ndinali ine, ndipo mpaka lero ndimaiwala kuti anakula. Amaphunzitsa kusukulu ya mkombaphala. Mwamuna wake, mlamu wanga, ndi makaniko wofatsa, wa mawu owerengeka. Mwana wawo woyamba anabwera movuta, mpaka mayiyo anachita kumupanga opareshoni. Powatulutsa, dokotala anawakhazika pansi onse awiri n'kuwauza kuti padutse zaka ziwiri asanaganize za mimba ina, chifukwa bala lamkati silipola msanga ngati lakunja.

Mwana atakwana miyezi isanu ndi itatu, mng'ono wanga anasankha mapiritsi olerera. Oyamba analandira kuchipatala, koma mzere wa kumeneko umadya tsiku lonse la ntchito. Vuto lina linali apongozi ake, amene anabwera kudzathandiza mwana atabadwa n'kungokhaliratu. Iwo za mapiritsi safuna n'kumva komwe, amati amaumitsa mkaka ndiponso amaunjikana m'mimba. Komanso ndi mayi wosesa paliponse, ngakhale pansi pa matiresi. Ndiye tinapangana kuti ine ndizigula kusitolo ya mankhwala kabokosi ka mapaketi atatu, n'kumakasunga m'dirowa ya makina anga. Mwezi uliwonse iye ankabwera kudzatenga paketi imodzi n'kuibisa m'kathumba kamene ndinamusokera mkati mwa chikwama chake. Mlamu ankadziwa zonse ndipo anavomera.

Kwa amene sanaionepo, paketi yake imakhala ndi mizere inayi. Mizere itatu yoyamba ndi ya mapiritsi oyera, amene ndiwo ali ndi mankhwala. Mzere womaliza ndi wa ofiirira asanu ndi awiri, ongoti munthu asataye chizolowezi chomwa tsiku lililonse. Pali kamuvi kosonyeza poyambira ndi kolowera.

Tsiku lake linali Lachisanu. Ndinali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, ukwati wake mawa lake, ndipo magetsi anali atazima m'mawa wonse. Mng'ono wanga anafika mwana ali kumbuyo. Ndinamulozera dirowa ndi chigongono, akatenge yekha m'kabokosi katsopano kamene ndinagula dzulo lake. Anatenga, koma sanachoke. Anaima pafupi n'kunong'ona kuti, "Achemwali, paketi iyi ikuoneka yozondoka. Ofiirira ali pamwamba, pomwe ine ofiirira ndamaliza dzulo lomweli."

Pabenchi panali amayi atatu, makutu ali tcheru. Ine mapini ali kukamwa, mpendero wa diresi uli m'manja. Paketiyo sindinaigwire, Aphungu, ngakhale kuiyang'ana kwenikweni. Ndinangolavula mapini n'kunena kuti kufakitale kuli anthu ophunzira kuposa ife tonse, iye angotsatira muvi basi. Anafunsanso mwaulemu ngati sizingakhale bwino kukafunsa kusitolo kumene ndinagula. Apo ndinamva ngati wandivula yunifolomu pagulu. Ndinamuyankha kuti, "Ukafunse chiyani chimene ine sindikuchidziwa?" Amayi aja anaseka. Iye anaika paketi m'chikwama, nakonza mwana kumbuyo, n'kumapita.

Patadutsa miyezi iwiri anapezeka ndi pakati, mwana woyamba asanayambe n'kuyenda komwe.

Mlamu anachita mantha, ndipo mantha akewo anasanduka mkwiyo. Iye ndi amene anakhala pakhomo la thiyeta maola anayi tsiku la opareshoni lija, ndiye ankafunsa chinthu chimodzi chokhachokha: mkazi wake wachitiranji zimenezi, akudziwa zimene dokotala ananena? Apongozi atamva kuti m'nyumba mwawo munali mapiritsi iwo osadziwa, nkhani inakula. Amayi athu anaitanitsa banja Lamulungu masana pabalaza pawo. Tinalipo asanu ndi mmodzi: amayi, azakhali, apongozi aja, mlamu, ine, ndi mwini nkhani atakhala pakampando ka pafupi ndi chitseko.

Apongozi ndi amene anatulutsa mawu aja oti kutumbiza. Anati pamtundu pawo sipanaonekepo mkazi wotenga mimba wina akadali kubere, ndipo mdzukulu wawo afooka n'kumalira chifukwa cha mayi wopanda chisamaliro. Azakhali anawonjezera kuti atsikana amakono foni saiiwala koma piritsi amaiwala. Mng'ono wanga anangoti sanadumphepo tsiku, amamwa m'mawa uliwonse akamatsuka m'kamwa. Ndiye amayi anati poti tili ndi Anesi pano, atiuze iwowo ngati zimenezi zimatheka.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinakhala bwinobwino pampando, ndinapinda manja, n'kunena kuti, "Piritsi silinama. Amanama ndi munthu."

Mng'ono wanga anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo. Anati, "Achemwali, paja ndinakuonetsani tsiku lija."

Aphungu, ndinakumbuka zonse. Ndinakumbuka mapini, madiresi obiriwira, kuseka kwa amayi aja, ngakhale kapewa kamene mwana anavala. Mumtima munadutsa kaphokoso koti mwina paketi ija inalidi ndi vuto. Koma amayi anali kundiyang'ana monyadira, apongozi anali akugwedeza mutu kuvomereza mawu anga, ndipo ine ndinaopa kutsika pampando umene anandikwezapo. Ndinati, "Unandionetsa chiyani? Ine sindikukumbuka."

Iye anangondiyang'ana kanthawi, kenako anaweramanso. Msonkhano unatha ndi kumulangiza iye, ndipo anapepesa kwa mwamuna wake ndi kwa apongozi ake pamaso pathu. Ine ndinathandiza amayi kuchotsa makapu.

Lolemba lake ndinafika pamakina ndikudziwa kuti paketi yachitatu ikadali m'kabokosi kaja. Kuitulutsa n'kuiyang'ana sikukanatenga nthawi yolowetsera ulusi pasingano. Sindinatero. Ndinakankhira kabokosiko kumbuyo kwenikweni kwa dirowa, n'kuunjika mabatani ndi mazipi patsogolo pake.

Kuyambira pamenepo zinthu sizili bwino kwa mng'ono wanga. Mlamu amadya kugalaja, akafika kunyumba amasewera ndi mwana koma mkazi wake akamulankhula, iye amangoyankha kuti eya kapena ayi. Apongozi anafalitsa nkhani kwa anansi, moti akamadutsa pampopi amayi amasiya zokamba zawo. Kushopu kwanga sanapondeko. Tikakumana kwa amayi amandipatsa moni wa manja awiri, wonga wopatsa mlendo wolemekezeka, pomwe kale ankangolowa n'kutsegula mapoto anga osafunsa. Panopa mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo sanayambe sikelo. Anauza amayi kuti akuopa kuti anamwino akawerenga khadi lake mokweza pamzere n'kumufunsa kuti opareshoni chaka chatha, lero wabweranso kudzatani. Ine sindingamutsutse, chifukwa mawu otero ndinkawamva ndikukolopa.

Chimene chinandilasa kwambiri ndi chimene amayi anandiuza posachedwa, iwo akuyesa kuti ndi nkhani yabwino. Akuti mwanayo tsopano wadzichepetsa, wayamba kuvomera kuti mwina anadumphadi tsiku lina, poti mutu wa mayi woyamwitsa umaiwalaiwala. Aphungu, mwana amene sanadumphe piritsi wayamba kukhulupirira bodza langa.

Masabata atatu apitawa ndinapita kusitolo ya mankhwala ija kukagula mankhwala a chifuwa a mwana wanga. Pagalasi, pafupi ndi polipirira, panali pepala lomatidwa ndi selotepi, m'makona mwake mutayamba kupindika. Linali ndi chithunzi cha paketi yomwe ija, mzere wofiirira uli pamwamba. Linkati kampani yopanga mapiritsiwo ikuitanitsa mabokosi onse a nambala yakutiyakuti chifukwa anapakidwa mozondoka, ndipo amene anamwa apite kuchipatala. Ndinafunsa bambo wogulitsa ngati ndikufunsira kasitomala wanga. Anandifotokozera kuti mayi akamaliza ofiirira a paketi yakale n'kuyambanso ofiirira a paketi yozondokayo, amakhala masiku khumi ndi anayi wopanda chomuteteza, iye akuyesa kuti akulera. Anati pepalalo lakhala pagalasipo miyezi iwiri. Kenako anawonjezera, osadziwa kuti akundibaya, kuti ena anali ndi mwayi chifukwa anadabwa n'kubwera kudzafunsa pepala lisanatuluke n'komwe, ndipo anawasinthira pomwepo.

Nditabwerera kushopu ndinachotsa mabatani ndi mazipi aja. Ndinavala magalasi olowetsera ulusi, n'kuwerenga nambala ya pakabokosi katatu, kufanizira ndi imene ndinalemba padzanja. Ndi yomweyo, palibe n'kadontho kosiyana. Paketi yachitatu ili momwemo yosatsegula, ofiirira ali pamwamba, kamuvi kakuwaloza. Munthu wamaso aliyense akanaona. Iye anaona.

Chichokereni tsiku limenelo sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba, amene akuyesa kuti ndikudwala. Amayi a pabenchi akati Anesi, ndimamva ngati akundiitana dzina lakuba. Dzana wina anandifunsa za mankhwala a dzino lowawa ndipo ndinamuuza kuti apite kuchipatala, mpaka anandifunsa ngati ndakwiya naye. Pofuna kupepesa mopanda mawu, ndinatenga nsalu yabwino imene ndinkasungira ine mwini, n'kusoka diresi ya amayi oyembekezera, ya mapindo patsogolo. Ndinangoyerekeza ndi maso, poti thupi lake ndimalidziwa kuyambira ali wakhanda. Ndinaitumiza kudzera kwa amayi. Inabwerera patatha masiku awiri, itapindidwa bwinobwino m'pepala lake lomwelo, ndi uthenga woti zikomo kwambiri koma ikuthina pamimba.

Tsono maganizo anga ndi awa, mundiuze ngati ali bwino. Ndikufuna kujambula pepala lija ndi foni n'kutumiza kwa mlamu, kapena kusiya kabokosiko patebulo la amayi ngati ndangokapeza kumene. Akatero adziwa kuti mng'ono wanga sananame, banja likhala pamtendere, ndipo mlandu ugwera fakitale, imene ndi yolakwadi. Kodi pakufunika kuti ndinene za Lachisanu lija ndi za bodza la pabalaza? Ndikaulula, amayi adzandiona bwanji? Apongozi aja nkhani sagona nayo, msewu wonse udziwa kuti Anesi anali wokolopa wodzikweza. Ndipo ndikuopa kuti mng'ono wanga akamva kuti ndinkakumbuka, moni wa manja awiri uja nawonso utha. Komanso tulo sindikuliona poganiza za bala lija. Chikamuchitikira chinachake pobereka, ine ndidzayang'ana kuti?

Ndithandizeni, mutu waima.

A. N., wa pakhonde la sitolo ya utoto


Mayi A. N.,

Zikomo pong'amba mapepala awiri aja. Lachitatuli ndi limene ndingathe kuliyankha, ndipo ndiyankha mosapsatira chifukwa nanunso simunapsatire.

Tiyambe ndi chimene sichingadikire. Kalata yanu yadzaza ndi manyazi anu, dzina lanu ndi nkhope yanu, koma munthu amene ali pangozi si inu. Ndi mayi wa mimba ya miyezi isanu, wa bala la opareshoni losakwana zaka ziwiri, amene sanaonedwe ndi wachipatala aliyense. Amayi ambiri otere amabereka bwino, koma amabereka bwino chifukwa amayang'aniridwa kuyambira koyambirira ndipo amachilira kuchipatala chokhala ndi thiyeta. Sabata ino isathe asanayambe sikelo. Chikumuletsa ndi manyazi, ndipo mankhwala a manyazi akewo ali m'dirowa yanu, kumbuyo kwa mabatani. Apite ndi kabokosiko ndi chithunzi cha pepala lija. Mayi wonyamula umboni wotere salowa m'chipatala choweramitsa mutu. Akafunsenso za mapiritsi amene anapitiriza kumwa asanadziwe kuti waima. Azaumoyo amati kawirikawiri sapweteka mwana, koma akamve zimenezo kwa woona khadi lake, osati kwa ine, ndiponso osati kwa inu.

Tsopano tigawe mlandu, chifukwa mwauunjika pamodzi ndiye ukukukanikani kusenza. Kupaka mapiritsi mozondoka ndi mlandu wa fakitale. Inu simunapake, ndipo pogula munagula ndi mtima wothandiza. Umenewo utuleni. Za Lachisanu lija ndi kulakwa kwa munthu wotanganidwa ndi wonyada. Amati safunsa anadya phula. Mng'ono wanu anafunsa, kawiri konse, koma phula analidyabe, chifukwa amene anamufunsayo anaona funso ngati chipongwe. N'kulakwa kwakukulu ndithu, koma munthu angathe kukumvetsa. Cha pabalaza ndicho china. Pamenepo simunalakwitse, munasankha. Munaika dzina la Anesi mbali ina, mng'ono wanu mbali ina, n'kusankha dzina. Lolemba lake munasankhanso pokankhira kabokosi kumbuyo. Masabata atatu awa mwakhala mukusankha m'mawa uliwonse.

Ndiye maganizo anu otumiza chithunzi mwakachetechete, ayi. Ndikumvetsa chifukwa chake akukukomerani: amatsuka mng'ono wanu, inu osanyowa. Koma taganizani. Pepala lija liuza mlamu wanu kuti mapiritsi anali oipa. Silimuuza kuti mkazi wake anaona vutolo ndi maso ake, n'kufuna kukafunsa, n'kuletsedwa. Ndipo silingachotse chimene mwanena nokha kuti chakulasani, choti iye wayamba kukayikira mutu wake womwe. M'banja mwanu monse muli anthu awiri okha odziwa kuti anakuonetsani paketi ija. Mmodzi wayamba kuiwala chifukwa winayo anakana. Fakitale singamubwezere zimenezo. Mukuopa kuti akamva kuti munkakumbuka adzakwiya. Mayi, mkati mwake akudziwa kale. Moni wa manja awiri uja mukuyesa ndi wa chiyani?

Chitani motere. Choyamba jambulani kabokosi, nambala yake, paketi yotsalayo ndi pepala la pagalasi, kuti umboni usadalire chinthu chimodzi. Kenako pitani kwa mng'ono wanu nokha, masana, pa nthawi imene apongozi ake palibe, kapena mukamudikire pageti la sukulu akamaweruka. Musatume amayi, mwawatuma kokwanira. Mupatseni kabokosi m'manja, ndipo mawu oyamba akhale oti munandionetsa, ndinakumbuka, ndinanama. Musayambe ndi madiresi asanu ndi limodzi kapena magetsi ozima. Mukangoti koma, kupepesa kwatha. Akalira, akakalipa, akakuthamangitsani, landirani. Musamupemphe kuti akukhululukireni tsiku lomwelo, chifukwa kumeneko ndi kumusenzetsanso ntchito yokutonthozani. Chokhacho chimene mungapemphe ndi choti apite kusikelo, kaya ndi inu, kaya ndi mwamuna wake, kaya ndi wina amene angamusankhe.

Mukatero, mufunseni ngati akulola kuti banja likhalenso pansi. Akalola, pakhale pabalaza pomwe paja, anthu omwe aja, osachotsapo ndi mmodzi yemwe. Munamuvula pamaso pa anthu anayi, ndiye simungamuveke kuseri kwa chitseko. Mawu aja oti piritsi silinama anatuluka pakamwa panu, muwabweze ndi pakamwa pomwepo. Iye anapepesa tsiku lija pa mlandu umene sanapalamule, choncho pali ena pabalazapo amene nawonso ali ndi mawu oti abweze. Musawakakamize, ingoyambani inu, poti ndinu wamkulu. Mlamu wanu musamuope kwambiri. Mwamuna amene anakhala maola anayi pakhomo la thiyeta sanakwiye chifukwa chodana ndi mkazi wake. Akuopa kumutaya, ndipo akuyesa kuti mkaziyo anaseweretsa moyo wake. Mukamuchotsera bodzalo, mantha okhawo ndi amene atsale, ndipo mantha amenewo ndi amene amunyamulitse mkazi wake kupita naye kusikelo. Apongozi adzalankhula ndithu. Alankhule. Mawu oti kutumbiza anawaponya pa mwana wosalakwa, ndipo nkhani yatsopanoyi ikawavuta kuikamba osadzitchulamo.

Kabokosiko kakamaliza ntchito yake kubanja ndi kusikelo, kabwezeni kusitolo kumene munagula, ndipo muwauze zoona kuti pali mayi amene anatenga pakati akumwa mapiritsi a nambala imeneyo. Nkhani zotere zimayenera kulembedwa ndi kutumizidwa kwa oyang'anira mankhwala. Funsani kumeneko ndi kuchipatala njira yodandaulira, ngati mng'ono wanu ndi mwamuna wake angafune kutero. Kumbukiraninso benchi lanu. Ndi amayi angati amene munawalozera sitolo imeneyo ndi mtundu umenewo? Pepala lakhala pagalasi miyezi iwiri inu osaliona, ndiye ena sanalionebe. Auzeni akaone manambala a mabokosi awo. Ngati dzina la Anesi linagwirapo ntchito yabwino, ikhale imeneyi, ndipo ikhale yomaliza. Kukolopa m'chipatala si ntchito yochititsa manyazi, ndipo utelala ndi luso loti munthu anganyadire. Wina akakufunsani za mankhwala, yankho limene munapatsa mayi wa dzino uja ndi labwino kuposa onse amene munaperekapo.

Kwa owerenga ena, nkhani iyi isakutayitseni mapiritsi. Zolakwika zotere zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo kuitanitsa mankhwala oipa ndi chizindikiro choti pali amene akuyang'anira. Koma paketi ikaoneka yachilendo, kaya mtundu, kaya dongosolo la mizere, kaya piritsi losweka kapena losowa, musalote ndipo musafunse pabenchi. Pitani nayo kumene munaitenga tsiku lomwelo, ndipo gwiritsani ntchito kondomu mpaka wachipatala atakuuzani zochita. Kabokosi musamataye, nambala ili pamenepo. Ndipo mayi akakuuzani kuti sanadumphe tsiku, yambani mwamukhulupirira.

Za diresi ija, mayi A. N., musadabwe kuti inabwerera. Munaisoka osamuyeza, monga momwe munamuyankhira osayang'ana. Mukuti thupi lake mumalidziwa kuyambira ali wakhanda, koma amene mukumudziwayo ndi mwana wa kumbuyo kwanu uja. Uyu ndi mayi mnzanu, mphunzitsi, amene anaona chimene inu ndi fakitale yonse simunaone. Mwina tsiku lina adzakulolani kumuzunguliza tepi m'chiuno, mwina zidzatenga chaka. Zimenezo zili kwa iye, ndipo sindingakulonjezeni kanthu.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musadikire kuti manyazi ayambe atha, chifukwa satha munthu atakhala pansi, ndipo mimba sidikira. Munamuuza kuti angotsatira muvi, ndipo anakumverani. Muvi womwewo mwakhala mukuuyang'anira masabata atatu tsopano. Mukudziwa zimene akulu ananena za muvi woyang'anira, kuti suchedwa kulowa m'maso. Kungoti diso limene ukulunjika si lanu.

Vundikirani makina, tengani kabokosiko, nyamukani lero.

Aphungu